Zimene Zili pa Malo a Nambala 6

Mu Python wa m'zaka za m'ma 1990, munthu akafuna kudziwa kukula kwa fayilo ankafunsa os.stat, ndipo yankho linkabwera ngati manambala khumi ondondozana, opanda chizindikiro chilichonse. Kukula kwa fayiloyo kunkakhala pa malo a nambala 6. Pa 8 pankakhala nthawi imene fayiloyo inasinthidwa komaliza, pa 4 nambala ya mwini wake. Ukafunsa nthawi kwa time.localtime unkalandira manambala asanu ndi anayi, ndipo pa malo a nambala 6 a amenewo pankakhala tsiku la sabata, Lolemba kukhala 0. Choncho mzere wina wa pulogalamu unkatha kunena x[6] potanthauza kukula kwa fayilo, mzere wapansi pake n'kunena y[6] potanthauza Lachitatu. Kompyuta inalibe nazo vuto zimenezi. Wovutika anali munthu wodzawerenga mawa.

Kagulu ka zinthu zondondozana kotereka olemba mapulogalamu amakatcha tuple. N'kophweka zedi: zinthu ziwiri, zitatu kapena khumi zomangidwa pamodzi, chilichonse pa malo ake, kuwerenga kuyambira pa 0, ndipo mu Python zikamangidwa sizisinthikanso. Anthu amakakonda chifukwa cha changu. Function ikafuna kubweza zinthu ziwiri nthawi imodzi, monga divmod imene imabweza yankho la kugawa pamodzi ndi zotsala, wolemba sataya nthawi kukonza class yonse, amangozindandalika basi. Pa zinthu ziwiri zodziwikiratu palibe amene angadandaule. Mavuto amayamba kaguluko kakamakula, chifukwa tanthauzo la malo aliwonse silinalembedwe paliponse. Lili m'mutu mwa amene analemba, ndipo mutu umenewo umaiwala, umasintha ntchito, nthawi zina umasamukira kutali.

Ntchito yanga yambiri yakhala yolandira mapulogalamu amene eni ake anachoka kalekale. Ina imene sindiiwala inali yosunga za malipiro a ophunzira. Paliponse pamene ndinayang'ana panali wophunzira[3], wophunzira[7], wophunzira[11]. Kuti ndidziwe chimene 7 ankaimira, ndinkabwerera m'mbuyo fayilo ndi fayilo mpaka kupeza funso la SQL limene linabereka mzerewo, kenaka n'kuyamba kuwerenga magawo ake ndi chala pa sikirini, osaiwala kuyambira pa 0. Kutaya nthawi kokha sikunkandipweteka kwenikweni. Chimene chinkandiopsa chinali chakuti ndalama zimene mwana walipira ndi ndalama zimene watsala nazo zinali pa malo oyandikana, zonse manambala. Wina akanangowonjezera gawo limodzi pakati pa funso lija, pulogalamuyo ikanapitiriza kuyenda mwakachetechete, n'kumasindikiza makalata a ngongole kwa makolo amene anamaliza kulipira. Cholakwika chimene chimagwetsa pulogalamu chimadziulula chokha. Choterechi chimakadziwika kholo litafika kale pa ofesi ndi risiti m'manja, litakwiya.

Kuchigayo anthu amandandalika matumba awo pa mzere n'kupita kukakhala pamthunzi. Aliyense amadziwa kuti lake ndi lachinayi, kumbuyo kwa la mayi wa chitenje chofiira. Zimayenda bwinobwino mpaka wina atasuntha thumba limodzi. Ochenjera amalemba dzina pa thumba ndi khala. Koma dzinalo silichotsa thumba pa mzere: likadali lachinayi, ndipo wachigayo adzaligaya nthawi yake ikakwana, kaya wawerenga dzinalo kaya ayi. Nkhani yonse yoika maina pa magawo a tuple yagona pamenepa, ubwino wake ndi msampha wake womwe.

Ngakhale zinthu zitakhala ziwiri zokha, dongosolo lake si lodziwikiratu monga timaganizira. Malo a pa dziko amalembedwa ndi manambala awiri, latitude ndi longitude. Google Maps ndi Leaflet amayamba ndi latitude. GeoJSON, malinga ndi RFC 7946 ya mu 2016, imayamba ndi longitude. Lilongwe ali pafupi ndi -13.98 pa latitude ndi 33.78 pa longitude. Mukatembenuza manambala awiriwa kadontho kamakagwera m'nyanja ya Atlantic, pakati pa gombe la Morocco ndi zilumba za Madeira. Manambala onse ndi ovomerezeka, ndiye palibe chenjezo lililonse limene pulogalamu ingapereke. Aliyense amene anaikapo zitsime kapena zipatala pa mapu a kompyuta amalidziwa dzenje limeneli.

Vutoli linaoneka kale kwambiri. Mu 1970 Edgar F. Codd wa ku IBM, polemba pepala limene linayambitsa ma relational database, anafotokoza tebulo ngati gulu la ma tuple monga a masamu amachitira, pamene malo ndiwo amanena zonse. Koma m'pepala lomwelo anaona kuti matebulo enieni amatha kukhala ndi magawo makumi atatu, ndipo si bwino kusenzetsa munthu mtolo woloweza dongosolo lake. Anati wogwiritsa ntchito azitchula magawowo ndi maina. N'chifukwa chake lero timalemba dzina la gawo mu SQL, osati nambala yake. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti deta yomweyo, itakhala ndi maina bwinobwino mu database, inkati ikangowoloka kulowa mu pulogalamu n'kuvula maina onse, n'kusanduka mzere[7]. Tinkataya pakhomo chinthu chimene Codd anatimenyera nkhondo m'nyumba.

Python anayenda pang'onopang'ono. Poyamba panali module yotchedwa stat, yokhala ndi maina oimira manambala, kotero kuti m'malo mwa 6 munthu ankalemba ST_SIZE. Zinathandizako, koma dzinalo linkakhala padera, chinthucho padera. Palibe chimene chinkaletsa munthu kugwiritsa ntchito ST_SIZE pa tuple ya nthawi n'kulandira tsiku la sabata akuganiza kuti ndi kukula kwa fayilo. Mu Python 2.2, kumapeto kwa 2001, os.stat ndi time.localtime zinayamba kubweza zinthu zimene zimayankha mbali zonse ziwiri: x[6] ankagwirabe ntchito, koma tsopano panabweranso x.st_size, ndi y.tm_wday ku mbali ya nthawi. Mwayi umenewu unali wa okhawo olemba mkati mwa Python mu C. Wa ife tonse unafika mu 2008, pamene Python 2.6 anabweretsa namedtuple mu module ya collections, ntchito ya Raymond Hettinger. Ndi mzere umodzi, munthu ankatchula dzina la mtundu ndi maina a magawo ake, n'kulandira class yatsopano imene ili tuple yeniyeni, koma gawo lililonse likuyankha dzina lake.

Kapangidwe kake kanali kolimba mtima. Function imeneyi inkalemba mawu a class yonse monga munthu angalembere, n'kuika maina a magawo m'mipata yake, kenaka n'kuwapereka kwa exec kuti awasandutse class yamoyo. Ena ankaipidwa nazo, makamaka chifukwa zinkachedwetsa kudzuka kwa mapulogalamu okhala ndi mitundu yambiri yotere, ndipo mu Python 3.7 anazikonzanso kuti zizifulumira. Koma maganizo ena a poyamba aja anali abwino kwambiri moti sanasinthe. Maina amakhala pa class, osati pa tuple iliyonse, choncho mizere miliyoni yokhala ndi maina sidya malo ambiri mu memory kuposa mizere miliyoni yopanda maina. Ndiponso zida zake zonse, monga _asdict, _replace ndi _fields, zimayamba ndi kamzere kapansi, pamene maina a magawo saloledwa kuyamba nako. Mu Python kamzere kameneka nthawi zambiri kamatanthauza kuti chinthucho n'cham'kati, usachikhudze. Apa cholinga chinali china: kusiyira wogwiritsa ntchito bwalo lonse la maina, kuti akafuna gawo lotchedwa fields kapena replace asawombane ndi chida cha mwini nyumba. Kuganizira mnzako pa kanthu kakang'ono chonchi ine ndimakulemekeza kwambiri.

Chimene ndimakondera namedtuple koposa zonse n'chakuti sinaphwanye za munthu aliyense. Pulogalamu yolembedwa kale, yowerenga ndi manambala, inapitiriza kuyenda osakhudzidwa ngakhale mzere umodzi, pamene yatsopano inkatha kuyamba kutchula maina tsiku lomwelo. Onani sys.version_info. Anthu akhala akuiyerekeza ndi tuple wamba kwa zaka zambiri pofuna kudziwa ngati Python wawo ndi watsopano mokwanira, ndipo mpaka lero zimatheka, koma munthu angathenso kufunsa major kapena minor mwachindunji. Pa ntchito yathu kusintha kumene sikusiya wina m'mbuyo n'kosowa. Nthawi zambiri chatsopano chimabwera ndi lamulo lakuti zakale zonse zilembedwenso, ndipo mtolowo umagwera anthu amene alibe nthawi kapena ndalama zochitira zimenezo: kaofesi kakang'ono, sukulu, munthu mmodzi wosamalira mapulogalamu khumi. Pa pulogalamu ya malipiro ija sindinafunike kugwetsa chilichonse. Ndinangosintha pamalo amodzi pamene mizere inkabadwira kuti izibadwa ndi maina, ndipo kuyambira pamenepo ndikafika pa wophunzira[7] ndinkalemba wophunzira.zotsala n'kupitirira. Maina a magawo si okakamizidwa kukhala a Chingerezi, ndipo mnzanga amene ndinkagwira naye ntchito ankawerenga mzerewo mokweza n'kuumva ngati chiganizo.

Komabe thumba likadali pa mzere. Tuple ya maina ndi tuple ndithu, ndipo imatengera makhalidwe onse a mtundu wake, abwino ndi oipa. Mukapanga mtundu wina wa malo a pa mapu ndi wina wa m'litali ndi m'lifupi mwa chipinda, n'kuika manambala ofanana m'zonse ziwiri, Python adzanena kuti n'zofanana, chifukwa poyerekeza sayang'ana maina, amayang'ana zimene zili pa 0 ndi pa 1. Mukaipereka kwa json.dumps, maina onse amatsala, chotuluka ndi mndandanda wa manambala okhaokha, ndipo wolandira kutsidyako abwereranso kowerenga ndi chala. Munthu angathenso kuimasula kukhala ma variable awiri n'kuwatcha mosemphanitsa, lon (longitude) pa malo a lat (latitude), popanda chomuletsa. Dzina limathandiza yekhayo amene wasankha kuliwerenga.

Choopsa kwambiri ndi kutalika kwake. Mukangobweza tuple ya zinthu zinayi kwa anthu ena, mwalonjeza kuti zidzakhala zinayi mpaka kalekale, pakuti penapake pali wina amene analemba mzere wolandira zinthu zinayi ndendende, ndipo chachisanu chikadzabwera pulogalamu yake idzagwa. Python mwini wake ali ndi zipsera za lonjezo limeneli. Zimene os.stat amadziwa za fayilo zachuluka m'kupita kwa zaka, mwachitsanzo mu 3.3 anawonjezera nthawi zowerengedwa mu ma nanosecond monga st_mtime_ns, koma zowonjezerazo zimapezeka ndi dzina lokha. Ukaiwerenga ngati tuple zinthu zikadali khumi. Palinso kena kodabwitsa: ukafunsa st_mtime umalandira nthawi yokhala ndi tizigawo ta sekondi, koma ukafunsa malo a nambala 8 umalandira masekondi athunthu okha monga kale, kuti mapulogalamu akale asadzidzimuke. Chinthu chimodzi, mayankho awiri, kutengera khomo limene wagogoda. Ku module ya inspect zinafika poipa. Function ya getargspec inkabweza zinthu zinayi zofotokoza zimene function ina imalandira. Python 3 atabweretsa zatsopano zimene sizikanakwana m'malo anayiwo, panalibe njira yoikulitsira, ndiye anapanga ina pambali pake, getfullargspec, yobweza zisanu ndi ziwiri. Kenaka anabweretsa signature, imene sibweza tuple n'komwe, ndipo getargspec anaichotseratu mu 3.11, mu 2022. Ndikaona mbiri imeneyi ndimaona anthu anzeru akulipira kwa zaka zambiri ngongole imene inatengedwa tsiku limene wina anati zinthu zinayi zokha n'zokwanira.

Zinenero zina zinakumana ndi funso lomweli, ndipo chilichonse chinayankha mwa njira yake. Funso lake n'lakuti, kodi dzina ndi gawo la mtundu wa chinthucho, kapena ndi chikwangwani chongothandiza maso? C# inayamba ndi Item1, Item2, Item3, amene kunena zoona ndi manambala omwewo atavala malaya. Mu 2017, C# 7.0 inalola maina enieni, koma mainawo ndi a compiler: pulogalamu ikamayenda, pansi pake pakadali Item1 ndi Item2, ndipo tuple ya lat ndi lon ingathe kuikidwa m'malo mwa ya lon ndi lat, zinthu n'kutsata malo osati maina. TypeScript 4.0, mu 2020, inapereka maina ongooneka polemba, moti sungafunse gawo ndi dzina lake. Julia anasankha kuti maina akhale mbali ya mtundu. Dart 3, mu 2023, anapita patsogolo pang'ono: mu ma record ake, magawo a maina alibe dongosolo, mungawalembe moyamba ndi lililonse ndipo mtundu ndi womwewo. Scala anakhazikitsa ma tuple a maina mu 3.7, mu 2025. Kuti chinenero chokhwima chotero chinafika pamenepa posachedwapa zikusonyeza kuti njala ya chinthuchi sinathe: anthu amafuna kubweza zinthu zitatu zomveka popanda mwambo wonse wolengeza class.

Mwa mayankho onsewa, la Dart ndi limene limandikhutiritsa, chifukwa limakakamiza wolemba kusankha. Gawo likhale la malo kapena la dzina, osati zonse ziwiri. Koma Dart anali ndi ufulu umene Python analibe mu 2008, pakuti kumbuyo kwake kunalibe mapulogalamu a zaka zoposa khumi odalira x[6]. N'chifukwa chake sindiweruza namedtuple ndi muyeso wa chinthu chopangidwa pa bwalo losesa. Inapangidwira anthu amene anali kale pakati pa ulendo.

Python nayenso pambuyo pake anatsegula khomo lina. Mu 3.6 kunabwera njira yolembera NamedTuple ngati class wamba, gawo lililonse ndi mtundu wake, zimene zinakongoletsa kalembedwe koma osasintha chikhalidwe chake cha tuple. Kenaka mu 2018, Python 3.7 anabweretsa dataclass, ntchito ya Eric V. Smith. Iyi ilibe malo a nambala. Sungaifunse cha pa 6, sungaimasule ngati tuple, ndipo poyerekeza imayamba yaona ngati zinthu ziwirizo zili za mtundu umodzi. Mungawonjezere gawo latsopano kumapeto, lokhala ndi mtengo wake woyambira, popanda kugwetsa wina aliyense. Imatha kukhalanso yosasinthika mukaipempha kutero.

Ndiye masiku ano ndikamalemba function yobweza zinthu zingapo, ndimadzifunsa ngati dongosolo la zinthuzo lili ndi tanthauzo mwa ilo lokha. Nthawi zina lilidi nalo. Chaka, mwezi ndi tsiku zikandandalikidwa motero, kuyerekeza ma tuple awiri kumapereka yankho lolondola la tsiku limene lili patsogolo, ndipo nambala za version zimachita chimodzimodzi. Mizere yochokera mu tebulo nayonso ili ndi maina ndi malo mwachibadwa, n'chifukwa chake itertuples ya pandas imabweza ma namedtuple ndipo palibe chodandaulitsa. Pamenepo kukhala tuple ndi phindu lenileni. Koma dzina la wophunzira, kalasi yake, ndalama zimene walipira ndi foni ya kholo lake zilibe choyamba kapena chomaliza. Kuzipatsa manambala ndi kulonjeza chinthu chimene palibe amene anachipempha, ndipo mawa sukulu ikadzafuna kusunganso dzina la womulipirira, lonjezo lija lidzatchinga njira. Zoterezi ndimazipatsa dataclass kuyambira tsiku loyamba, makamaka ngati anthu ena amene sindidzawaona adzadalira zimene ndalembazo.

Ena amati zonsezi ndi kuchulutsa gaga m'diwa, kuti tuple ya zinthu zitatu aliyense angaisunge m'mutu. Ndimawamvetsa, chifukwa pa ola limene munthu akulemba zonse zimaoneka zowala. Koma pulogalamu imawerengedwa kambiri kuposa mmene imalembedwera, ndipo wowerengayo nthawi zambiri amafika pa nthawi yoipa, zinthu zitasokonekera, foni ikulira, abwana ataima kumbuyo kwake. Munthu ameneyo ndimamumvera chisoni ndisanamuone. Mphindi imodzi imene ine ndingawononge posankha dzina labwino ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi madzulo ake onse. Koma dzinalo likhale loona, chifukwa gawo lotchedwa zolipira, losanena ngati ndi zimene zalipiridwa kale kapena zoyenera kulipiridwa, limasocheretsa kuposa nambala. Nambala imakukakamiza kukafufuza, pamene dzina lolakwika limakupatsa chikhulupiriro chabodza.

Pa mapulogalamu akale njira imene ndimatsata ili ndi masitepe, ndipo namedtuple ndi sitepe lapakati. Ndimayamba ndi kupatsa tuple maina pamalo pamene imabadwira, osasintha china chilichonse. Kenaka, pa masabata kapena miyezi, ndikamadutsa m'mafayilo pa zifukwa zina, ndimachotsa manambala limodzilimodzi n'kuikapo maina. Ndikaona ngati atha, ndimasintha mtunduwo kukhala dataclass n'kuyendetsa mayeso onse. Paliponse pamene panatsala wina wofunsa ndi nambala, kapena womasula mzere wonse m'ma variable, pulogalamu imagwa pomwepo n'kunditchulira fayilo ndi mzere wake. Nthawi zambiri pamapezeka malo awiri kapena atatu amene maso anawadumpha, kawirikawiri mu gawo losindikiza malipoti a kumapeto kwa teremu, limene limayendetsedwa mwa apo ndi apo. Ndikakonza amenewo, ndiye pamene ndimawonjezera gawo latsopano limene eni pulogalamuyo anandiitanira.